Mutu 9: Kuona Maiko a Eni ndi Ndalama Zochepa

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chiringa, kwa Nkhulambe kapena kwa Nazombe m'boma la Phalombe akhoza kudzuka m'mamawa, kupalasa njinga, n'kukadya nkhomaliro m'dziko la eni. Kuti akafike ku Lilongwe, likulu la dziko lake lomwe, ayenera kuswera m'basi tsiku lonse, pamene Mozambique ili pakhomo pomwepa. Anthu a kuno amawoloka malire tsiku ndi tsiku, ena kukagula chimanga, ena kukagwira ganyu m'minda, ena kumaliro a abale. Komabe mukafunsa achinyamata ambiri ngati anapitako kunja, amakana. M'maganizo mwawo, kunja n'kokwera ndege, n'kwa anthu a ndalama, kapena n'ku Joni kumene munthu amapita atagulitsa mbuzi zonse za m'khola.

Ulipo ulendo wina umene sitiukamba kawirikawiri: wopita kukaona, kukaphunzira, n'kubwerako. Ulendo wotere sulira chuma. Umalira mapepala oyenera, ndalama zochepa zowerengedwa bwino, mutu wodekha, ndi tsiku lobwerera lodziwika munthu asananyamuke.

Alendo a zikwama kumsana

M'miyezi yopanda mvula, pampata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pamadutsa achinyamata ochokera ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa atabereka zikwama zazitali kumsana. Amakhala akutsika kuchokera ku nyumba yogona alendo ya Sombani atayenda masiku angapo pamwamba pa phiri, ena atakwera Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Anyamata onyamula katundu wa alendo amadziwa zimene zimakhala m'zikwamazo: thumba logonamo, kampoto kamodzi, mpunga wogula pagolosale, supuni, tochi, botolo lotungira madzi mumtsinje, ndi kabuku kolembamo kwacha iliyonse imene yatuluka m'thumba. Madzulo amakoleza moto n'kuphika okha. Akatsika amakwera kabaza ndi minibasi yomwe timakwera ifeyi, ndipo mtengo amanenerera.

Ambiri mwa iwo kwawo si olemera. Ndi ana asukulu ndi antchito wamba amene anasunga ndalama kwa miyezi yambiri. N'zoona kuti ndalama zawo zili ndi mphamvu kuposa kwacha, ndipo mapasipoti awo amalandiridwa m'maiko ambiri. Koma chimene chimawayendetsa miyezi itatu kapena isanu ndi luso: kunyamula zochepa, kudya zimene eni dziko akudya, kugona potsika mtengo, ndi kusathamanga. Luso limeneli mwana wa ku Phalombe anakula nalo. Amadziwa kuyenda mtunda wautali wapansi, kuphika pamafuwa, kuchapa zovala zake, kugona pamphasa ndi kudzuka tambala woyamba. Chimene chimamusowa n'kudziwa kuti maluso omwewa akhoza kumufikitsa kunyanja ya mchere n'kumubweza kwawo ali bwinobwino.

Tinachokera kwa anthu oyenda

Dera lino linadzazidwa ndi apaulendo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, Alomwe ambirimbiri anawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa ntchito yakalavulagaga, misonkho ya Apwitikizi ndi njala. Anayenda wapansi, ana kumbuyo, miphika pamutu, nadzapeza malo kwa mafumu a Amang'anja ndi Ayao, ena nakhala m'maesiteti a azungu momwe anakumana ndi thangata. Asanabwere iwo, njira yodutsa pampata wa Fort Lister inali ya ogulitsa akapolo ndi minyanga ya njovu opita kugombe la nyanja, ndipo n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga mu 1893. M'zaka za nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo midzi ya m'malire kuno inawalandira.

Enanso anatuluka. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anachoka kwawo mu 1915, nagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918, kumene chaka chotsatira anayambitsa bungwe la antchito la ICU. Agogo athu ambiri anapita kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70, inachititsa boma kuimitsa kaye ntchito yotumiza anthu kumigodi.

Koma wapaulendo amene wachinyamata aliyense ayenera kumudziwa ndi Legson Kayira wa ku Nthalire. Mu 1958, atamaliza sukulu ku Livingstonia, ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula bulangete, kankhwangwa, mabuku awiri ndi kamba wa masiku ochepa, akufuna maphunziro ku America. Ankaima m'midzi kugwira ganyu, akapeza ya chakudya n'kupitirira. Ku Kampala, m'nyumba yowerengeramo mabuku, anapeza dzina la sukulu ya Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, nalembera kalata, ndipo anamulandira. Anayenda mpaka ku Khartoum, nafika ku America chakumapeto kwa 1960. Nkhani yake anailemba m'buku lotchedwa I Will Try, limene linatuluka mu 1965. Kulimba mtima kwake n'kofunika kutengera. Njira yake yokha ndi imene singatengeredwe lero, chifukwa malire a masiku ano ali ndi makompyuta, zidindo ndi ndende za olowa mozemba, ndipo ngakhale iye sanakwere ndege asanapeze pasipoti ndi viza.

Yambirani pafupi

Ulendo woyamba usakhale wautali. Kuchokera ku Phalombe, mukafika pa Chitakale n'kulowera kum'mawa mudzafika pa chipata cha Muloza, ndipo kutsidya kwake kuli tauni ya Milange. Kumeneko Chichewa ndi Chilomwe zimamveka pamsika, koma zikwangwani zonse zili m'Chipwitikizi, ndalama ndi metikali, buledi ndi uja amati pão, ndipo minibasi amaitcha chapa. Ndi malo abwino ophunzirira kukhala mlendo: kudinditsa pasipoti, kusintha ndalama, kufunsa njira, kugona usiku umodzi kwa eni, pamene kwanu kuli pafupi zinthu zikavuta.

Kuchokera ku Milange njira zimagawikana. Ina imalowera ku Gurúè, dera la minda ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Namuli, lotalika mamita 2,419, lachiwiri kutalika m'dziko la Mozambique. Alomwe amati kumeneko ndiko kunachokera mtundu wawo. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe n'kumamva dzina la phirili, koma ndi ochepa amene analiona ndi maso. Wofuna kulikwera amayamba waonekera kwa mfumu ya m'tsinde mwa phirilo ndi kutsatira mwambo wa eni malo. Msewu wa kumeneko umavuta nthawi ya dzinja, choncho ndi ulendo wa m'chilimwe.

Njira ina, ya phula, imapita ku Mocuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, n'kupitirira ku Quelimane, mzinda wa migwalangwa ya kokonati ndi njinga zambirimbiri, kumene kale kunkathera ulendo wa akapolo ambiri ochokera kuno. Amene ali ndi masiku okwanira akhoza kulowera kumpoto, ku Nampula, n'kukafika pa chilumba cha Ilha de Moçambique, chimene chinali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 ndipo bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Pamenepo pali linga la São Sebastião ndi katchalitchi komangidwa mu 1522. Pobwerera akhoza kukwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Nampula kufika ku Cuamba, n'kulowa m'Malawi pa Nayuchi kapena pa Chiponde.

Maiko ena oyandikana nafe ali ndi zawo. Ku Zambia, kudzera pa Mchinji, Chinyanja chimakuyendetsani kuchokera ku Chipata mpaka ku Lusaka, ndipo mwezi wa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete kumachitika mwambo wa Kulamba, kumene Achewa a maiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Ku Tanzania, kudzera pa Songwe, munthu akafika ku Mbeya amakwera sitima ya TAZARA, njanji imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kumalizidwa mu 1975, mpaka ku Dar es Salaam. Kulikonse kumene mwasankha, yambani mwamvetsera nkhani pawailesi. Ku chigawo cha Cabo Delgado, kumpoto kwenikweni kwa Mozambique, kwakhala nkhondo ya zigawenga kuyambira mu 2017, ndipo si kopita mlendo. Nthawi ya zisankho ndi zionetsero m'dziko lililonse ndi yokhala pakhomo.

Mapepala ndiwo amayamba

Mwayi waukulu umene Mmalawi ali nawo ndi wakuti safunika viza pokacheza masiku ochepa ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa. Chofunika ndi pasipoti, imene imaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo kwa anthu a ku Phalombe ofesi yoyandikira ili ku Blantyre. Pamafunika chiphaso cha unzika, malipiro, ndi kuleza mtima. Itengeni miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo lipirani pa kauntala pokha n'kulandira risiti. Madobadoba oima panja pa ofesi, olonjeza kuti pasipoti ituluka mawa, adyera anthu ambiri ndalama. Kwa ongopita ku Milange n'kubwerera, pachipata pamaperekedwa chiphaso cha m'malire, koma chimenecho n'cha masiku ochepa ndi dera loyandikira malire basi, sichingakufikitseni ku Quelimane.

Pachipata chilichonse pamadindidwa zidindo ziwiri: chotulukira m'dziko limene mukuchoka ndi cholowera m'dziko limene mukupita. Musapatse kondakitala kapena munthu wina aliyense pasipoti yanu kuti akakudinditsireni. Imani pamzere nokha, ndipo akakubwezerani, musachoke pawindo musanawerenge masiku amene alemba. Ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30. Malinga ndi malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2014, wopitiriza masiku ake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa pamenepo amaletsedwa zaka zisanu. Chidindo cha mlendo sichilola munthu kugwira ntchito. Maiko ambiri amafunanso kuti pasipoti ikhale itatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe mphamvu.

Jambulani tsamba la chithunzi chanu ndi foni, pangitsani fotokope ziwiri, imodzi musiye kunyumba, ina muike m'thumba losiyana ndi la pasipoti. Lembani papepala, osati m'foni mokha, nambala za abale ndi malo amene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi. Maofesi otere alipo ku Maputo, Lusaka, Harare, Pretoria ndi Dar es Salaam, ndipo pasipoti ikatayika ndiko kothawira mutakanena kupolisi.

Kugawa ndalama

Kwacha imagwa mphamvu kawirikawiri. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Choncho mtengo wa basi umene msuweni wanu anakuuzani chaka chatha ndi wakale. Funsani amene wabwera sabata yomweyi, makamaka amayi a geni oyenda njira imeneyo mwezi ndi mwezi, chifukwa iwo amadziwa mtengo weniweni wa galimoto, wa chipinda ndi wa mbale ya nsima. Safunsa anadya phula.

Mukadziwa mitengo, gawani ndalama panayi: ya mayendedwe, ya pogona, ya chakudya, ndi yobwerera pamodzi ndi ya zadzidzidzi. Gawo lachinayili ndilo mwini ulendo. Lili ngati mbewu ya chimanga: njala ivute bwanji, mlimi wanzeru saikazinga. Lisokereni m'kathumba ka m'kati mwa chovala kapena lisungeni kwa m'bale wodalirika amene angakutumizireni. Tsiku limene magawo atatu aja atha ndilo tsiku lotembenuka, ngakhale nyanja itatsala pang'ono kuoneka. Matchona ambiri sanakonze zokhalitsa kwa eni. Anadya ndalama yobwerera, manyazi n'kuwagwira, zaka n'kumapita.

Malo ovomerezeka osinthira ndalama ndi banki ndi mabyuro. Pamalire, komabe, mudzazunguliridwa ndi anyamata onyamula mipukutu ya ndalama yomanga ndi mphira, kakyuleta m'manja, aliyense akukuitanani kuti bwana kapena achemwali. Ena mwa iwo ali ndi manja othamanga kuposa maso. Amawerenga mofulumira, ndalama imodzi ataipinda pakati kuti iwerengedwe kawiri. Mukadandaula amailandiranso, n'kuwonjezera imene imasowayo inu mukuona, koma pobweza mpukutuwo zala zapansi zasolola zitatu. Wina amayambitsa phokoso lakuti apolisi akubwera kuti muthawe musanawerenge. Dziwani mtengo wa tsikulo musanafike, werengerani nokha pafoni yanu, ndipo ndalama zanu zisachoke m'manja mwanu musanawerenge zimene mwalandira.

Mukalowa m'dziko gulani simu khadi ya komweko. Ku Mozambique kuli Vodacom, Movitel ndi Tmcel, ndipo ndalama za pafoni monga M-Pesa ndi e-Mola zimagwira ntchito mofanana ndi Mpamba ndi Airtel Money kwathu kuno. Kusunga zina pafoni kumachepetsa zimene mbala ingatenge.

Galimoto, pogona ndi chakudya

Magalimoto a maulendo ataliatali ku Mozambique amanyamuka kusanache, mwina 4 koloko m'mamawa. Pitani pasiteji madzulo ake, mufunse galimoto, mtengo ndi nthawi. M'mawa mwake mudzapeza chapa itaima mumdima, injini ikulira, matumba a makaka ndi nkhuku zomanga miyendo zikukwezedwa padenga, amayi ovala makapulana akugulitsa tiyi wotentha ndi buledi pambali pa msewu. Ofika mochedwa amakhala pa kabenchi kapakati, mawondo atagunda chibwano, kwa maola asanu. Chikwama chanu chikhale chaching'ono chokwana pamiyendo, chifukwa chokwera padenga chimalipiritsidwa ndipo simuchiona. Yesetsani kufika m'tauni yachilendo dzuwa lisanalowe. Wofika usiku amalipira chipinda chilichonse chimene wapeza ndi njinga yamoto iliyonse imene yaima.

Pogona potsika mtengo pamapezeka pafupi ndi msika kapena depoti. Ku Mozambique nyumba zotere amazitcha pensão. Onani chipinda musanalipire: loko wa chitseko, neti ya udzudzu, madzi. Anthu awiri akagawana chipinda mtengo umatsika ndi theka, ndipo wina akadwala mnzake amathamanga. Kuyenda awiri si mantha. Mipingo ndi mizikiti imathandizanso, makamaka mukanyamula kalata yochokera kwa abusa, ansembe kapena shehe wa kwanu. Abale a kutsidya kwa malire adzakulandirani ndi manja awiri, koma musafike chimanjamanja. Paketi ya shuga, sopo kapena mchere zimalemekeza khomo. Thandizani kutunga madzi, pitani nawo kumunda, ndipo kumbukirani kuti mlendo ndi mame.

Pachakudya m'pamene wa kumudzi amaposa mzungu. Kamba wochokera kunyumba, monga mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha ndi zigumu, amakwana masiku awiri oyamba. Kenako idyani kumene akudya madalaivala ndi amayi a pamsika, kumene chakudya chimaphikidwa inu mukuona ndipo sichigona. Nsima ilipo m'maiko onsewa, kungoti mayina ndi osiyana. Chimene chimatha ndalama mwakachetechete ndi zakumwa za m'mabotolo, mowa, ndi mayunitsi a intaneti otumizira zithunzi ola lililonse. Phunziraninso mawu ochepa a chinenero cha eni: moni, zikomo, ndalama zingati, ndi manambala. Wodziwa kuwerenga m'Chipwitikizi kapena m'Chiswahili sakwezeredwa mtengo kawirikawiri.

Thupi ndi katundu

Malungo sadziwa malire. Neti yaing'ono ya udzudzu ndi yopepuka, ndipo imateteza kuposa chovala chachitatu chimene mukanatenga. Thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, unatiphunzitsa za madzi: imwani owiritsa kapena othira mankhwala, sambani m'manja ndi sopo, ndipo nyamulani mapaketi angapo a Thanzi. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a shuga kapena a khunyu, atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Zipata zina zimafunsa kabuku kachikasu ka katemera, choncho funsani kuchipatala cha boma musananyamuke.

M'chikwama mukhale zovala zosinthira ziwiri, juzi imodzi, chitenje, sopo, tochi, tchaja, kapu ndi supuni. Chitenje chimafunditsa, chimapukuta thupi, chimayalidwa pansi padepoti. Katundu wa munthu wina, ngakhale atakhala gogo wooneka wachifundo, musamuwolotsere pamalire. Phukusi limene simunalimange nokha likapezeka ndi chamba kapena mankhwala ozunguza bongo, mlandu ndi wanu. Musajambule milatho, maofesi a pachipata kapena malo a asilikali musanapemphe. Wapolisi akakuimitsani, mupatseni ulemu, muonetseni mapepala, ndipo akanena za chindapusa pemphani risiti.

Njira ya ku Joni ndi misampha yake

Basi yochokera pa Wenela ku Blantyre imadutsa pa Mwanza ndi Zóbuè, imawoloka Zambezi ku Tete, imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare ndi Masvingo, imawoloka Limpopo pa Beitbridge, n'kukaima pa Park Station ku Johannesburg patatha tsiku ndi theka, mwinanso masiku awiri. Wa mapepala abwino ndi tikiti yobwerera akhoza kuyenda njira imeneyi mosavuta, ngakhale kutsika pa Masvingo kukaona mabwinja a miyala a Great Zimbabwe.

Koma njira yomweyi yameza achinyamata ambiri amene anapita opanda pasipoti, atakhulupirira munthu wowalonjeza kuwawolotsa kutchire. M'mbali mwa Limpopo muli achifwamba otchedwa magumaguma amene amalanda, kumenya ndi kugwirira. Ogwidwa ndi apolisi amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo mu Epulo 2015, zitabukanso ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Amene anali ndi mapepala ndi kandalama kobisa ndiwo anali ndi pothawira.

Msampha wina ndi wa ulendo waulere. Munthu amabwera pamudzi kapena pa WhatsApp ndi uthenga wokoma: ntchito ilipo, pasipoti tikupangirani, ndege tilipira, mudzabweza mukayamba kulandira. Mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anapulumutsidwa ku Oman, kumene anakagwira ntchito za m'nyumba atalandidwa mapasipoti ndi kuzunzidwa. Kwathu kuno ana amanyengedwa ndi lonjezo la njinga kapena foni kuti akagwire ntchito m'minda ya kutsidya kwa malire. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu la mu 2015 limati umenewu ndi mlandu waukulu. Zizindikiro zake n'zodziwika: akukuuzani kuti musauze makolo, akufuna kusunga pasipoti yanu, sakutchula dzina ndi malo enieni a ntchito, akukufulumizitsani. Mukaona chimodzi mwa izi, kaneneni kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito. Mtsikana woyenda yekha auze a kunyumba nambala ya galimoto imene wakwera ndi malo amene wagona tsiku lililonse, akhale pafupi ndi amayi anzake m'basi, ndipo chakumwa chotsegula kale asalandire kwa munthu wosamudziwa.

Zobwera nazo

Wina angafunse kuti, m'boma limene Napolo anakokolola midzi mu 1991 ndipo namondwe wa Freddy anasakazanso mu 2023, kumene ndalama ya nandolo imayenera kugula feteleza ndi kulipira fizi, kuyenda kongokaona kuli ndi phindu lanji? Funsoli ndi loyenera, ndipo ulendo woyendera ngongole ya katapila kapena ndalama ya chakudya cha ana si wabwino. Koma ulendo wosungira pang'onopang'ono, kuchokera ku kabaza, ku dimba kapena ku banki m'khonde, ndi sukulu. Nandolo wa ku Phalombe amathera ku India, kudzera m'madoko a Nacala ndi Beira. Mnyamata amene waona matumba akukwezedwa padoko n'kufunsa mtengo wake kumeneko amabwera akumvetsa chifukwa chake mavenda amagula motsika pa Migowi, ndiponso chifukwa chake alimi ayenera kugulitsa pagulu. Mtsikana amene wayenda mumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amadziwa kumene zitenje zimachokera ndi phindu limene limatsalira m'njira. Amene wagona m'nyumba ya Mlomwe wa ku Gurúè n'kumvana naye chinenero sadzayang'ananso munthu wa ku Mozambique ndi diso lonyoza.

Wobwerako ali ndi udindo umodzi: kunena zoona. Achinyamata ambiri anyengedwa ndi anzawo obwera ndi nsapato zonyezimira amene sanena za masiku amene anagona ndi njala pansi pa mlatho. Inu fotokozani zonse, mtengo wa basi, chipata chovuta, malo abwino ogona, pamene munabedwa ndi pamene munathandizidwa. Lembani m'kope kuti mng'ono wanu adzayambire pamene inu munalekezera. Mudzi umene uli ndi achinyamata asanu amene anayenda ndi mapepala awo, pa ndalama zawo, n'kubwerako pa tsiku limene ananena, wozembetsa anthu sapezamo wonamiza, chifukwa aliyense amene akumunyengerera ali ndi womufunsa.